Pakhonde pa Azakhali: Kukunkha Kulinso ndi Mwini Munda

Azakhali,

Ndine mnyamata wobadwira pakomboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Banket, kuno ku Mashonaland West. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza nthawi ya Mthandizi ndipo sanabwererenso. Ine ku Malawi sindinapondeko, koma Chichewa ndimayankhula, ngakhale abale a ku Lilongwe amaseka pafoni kuti chadzaza Chishona.

Ndinaphunzira za makompyuta ku Chinhoyi. Ine ndi anzanga atatu tikupanga pulogalamu ya pafoni yoti izimva Chichewa cha kuno kumafamu, kuchilemba, ndi kuchimasulira m'Chishona ndi m'Chingerezi, kuti agogo athu asamavutike kuchipatala ndi kuofesi ya zitupa. Pulogalamuyi ndi ya open source. Sitigulitsa, ndipo aliyense angathe kuitenga, kuona m'kati mwake ndi kuikonza mmene akufunira.

Vuto ndi lakuti makina otere amaphunzira akadyetsedwa ziganizo zambirimbiri. Ndiye tinapanga kapulogalamu kena kokokolola zinthu pa intaneti. Tikufuna kukokolola magazini a mpingo wina amene ali pa webusaiti yawo, nkhani za Chichewa za m'manyuzipepala a ku Malawi, mawu a nyimbo za oimba sungura, mavidiyo a Gule Wamkulu a pa YouTube, komanso mauthenga a mawu a pagulu la WhatsApp la sosaite yathu ya maliro, pomwe ine ndine adimini. Amenewa ndiye abwino koposa chifukwa ndi Chichewa chenicheni cha pakomboni.

Tsono chibwenzi changa, mwana wa amayi amene ndi mlembi wa sosaiteyo, akuti kumeneku ndi kuba. Wandiuza kuti ndikangokhudza mawu a amayi ake, ankhoswe anga asavutike n'kubwera. Azakhali, kuba kwake kuli pati poti zonsezi zili poyera ndipo ine sindipezapo ngakhale dola imodzi? Makampani akuluakulu a ku America amachita zomwezi usana ndi usiku. Kodi ndimusiye mtsikanayu poti sakumvetsa chitukuko?

Ndine wosokonezeka,
Mdzukulu wa Mtchona, Banket.

Mwana wa achimwene anga,

Mtsikanayo usamusiye. Ndayambira pomwepa chifukwa ndimakudziwani anyamata a makompyuta, mumawerenga mizere iwiri kenako chala chathamangira kale kwina. Ngati pankhaniyi pali woyenera kusiyidwa ndiwe, ndipo ndikudabwa kuti mwana wa eni akeyo akuyankhabe foni zako. Sunandiuze kuti iye sukulu analekezera pati, koma lamulo walinunkhiza msanga kuposa iwe ndi anzako atatuwo mutaphatikizana.

Ntchito yanuyo ndaikonda, ndisaname. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amazivomereza, ndipo pamndandandawo ndi choyamba kutchulidwa, koma pita nacho pawindo la ofesi ukaone mmene kalaliki akuyang'anire. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma ndi Chichewa chovala tayi. Sichidziwa kuti agogo a ku Raffingora akayamba kuyankhula, chiganizo chimanyamukira ku Dedza, n'kumwa madzi ku Tete, n'kukatsikira ku Chinhoyi. Ndiye wina akati akufuna makina omva agogo amenewa, ine ndimaimba nthungululu. Koma mtima wabwino si chilolezo, mwanawe.

Iwe wakulira pafamu, usandinamize kuti izi sukuzidziwa. Makina okolola akadutsa m'munda wa chimanga kapena wa soya, pansi pamatsala zambiri. Amayi a pakomboni amalawirira ndi matumba, ana kumsana, n'kukakhala m'mphepete mwa munda. Chimangacho akuchiona ndi maso, chili poyera, njiwa ndi mbewa zikudya osapempha munthu. Koma palibe amene amaponda m'mundamo kapitawo asananene kuti lowani. Wothamanga magazi akalowa msanga, mlonda amamulanda thumba pamaso pa anzake. Ndipo sindinamvepo mlonda akubweza thumba chifukwa choti mayiyo walumbira kuti sakagulitsa, akaphikira ana amasiye. Amamuyankha kuti zimenezo mukanakanena kuofesi. Open source yakoyo ikunena za zimene udzachite ndi thumba ukafika nalo kunyumba, kuti udzagawira komboni yonse. Zikomo kwambiri. Koma za mmene unalowera m'munda sikunenapo kanthu.

Lamulo lake ku Zimbabwe ndi Copyright and Neighbouring Rights Act, Chapter 26:05. Linalembedwa mu 2000 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004, chaka chimene Facebook inabadwa, ndiye usayembekezere kupezamo ndime yokamba za makina ophunzira chilankhulo. Mfundo yake ndi yachidule. Wolemba nkhani, wopeka nyimbo, womasulira buku ndi wojambula ndiwo eni ake a ntchito yawo, moyo wawo wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, ndipo wofuna kukopera apemphe. Sipafunika kuti mwini wake alembetse kuboma kapena adinde chidindo. Akaika nkhani yake pa intaneti wakuitana kuti uwerenge, basi. Mulinso kampata kololeza munthu kukopera pang'ono, moyenera, pofuna kufufuza kapena kuphunzira payekha, ndipo ndikuona maso ako awala pamenepa. Aphethire kaye. Mwana wasukulu wokopera masamba angapo akhoza kudutsa pakampatako. Iwe ukufuna kunyamula webusaiti yonse, kuisunga, kenako kuigawira dziko lonse lapansi, poti ndi mmene a open source mumachitira. Pogawapo ndi pamene msampha wake umafwamphuka. Ku Malawi, kumene kuli manyuzipepala ukuwasirirawo, lamulo la 2016 limanena zofanana, ndipo a COSOMA sanapite kutchuthi.

Mpingo wa magaziniwo sunautchule, koma azakhali ako sanabadwe dzulo. Njira imeneyo anadutsamo kale anzako ophunzira kukuposa, ndipo minga yake akuizulabe. Mu 2019 akatswiri awiri a ku Ulaya, Željko Agić ndi Ivan Vulić, anakokolola zolemba za pa webusaiti ya Mboni za Yehova, makamaka magazini a Nsanja ya Olonda ndi Galamukani!, n'kuzisanja chiganizo ndi chiganizo m'zilankhulo zopitirira 300. Anazitcha JW300. Chichewa chinalimo, Chishona chinalimo. Kwa ana a mu Africa ofuna kuphunzitsa makina kumasulira panalibe china chofanana nazo, chifukwa a Mboni amamasulira mosamala, mwezi ndi mwezi, m'zilankhulo zimene ngakhale maboma a eni ake amachita ulesi kuzilemba. Gulu la Masakhane, la akatswiri ndi ophunzira a mu Africa, lomwe linayamba chaka chomwecho ndipo ntchito zake ndi za open source ngati zanuzo, linatsamira kwambiri pa JW300. Zinthu zinkayenda. Kenako odziwa malamulo anawerenga timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa webusaitiyo, tomwe iwe umadumpha aja, n'kupeza kuti eni ake amaletsa kukokolola zolemba zawo ndi makina. A Masakhane anachita zaulemu, anapempha chilolezo. Yankho linali lakuti ayi. JW300 inachotsedwa pamalo pomwe anthu ankaitenga, ndipo ana aja anayamba kufunafuna ziganizo kwina.

Ine nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa amene anapunthwa ndi ana athu osauka, osati makampani onenepa. Koma eni magaziniwo sanalakwire lamulo lililonse. Anthu awo anakhala pansi zaka zambiri akumasulira, ndipo ali ndi zifukwa zawo zosafunira kuti mawu a chikhulupiriro chawo azisakanizidwa ndi makina. Chimene ndikufuna umve ndi chakuti kufunsa ntchito itatha kale kumapweteka kuposa kufunsa isanayambe. Safunsa anadya phula. Komanso taganiza, makina oleredwa ndi magazini a mpingo okhaokha amayankhula ngati mlaliki. Agogo akanena kuti bondo likuwawa, nesi adzamva za masiku otsiriza.

Wandiuza za makampani a ku America. N'zoona, anakokolola osagogoda, ndipo ena ali m'makhoti mpaka lero. Nyuzipepala ya The New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft mu December 2023 pa nkhani yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali ndi maloya oti sangakwane m'basi ya ZUPCO, pamene iwe loya wako ndine, ndipo malipiro anga ndi paketi ya shuga.

Koma pali pena pomwe ukunena zoona, ndipo pamenepa ndikhala kumbali yako ngakhale mtsikanayo anyinyirike. Maiko ena anatsegula chipata mwadala. Dziko la Britain linasintha lamulo mu 2014 kuti ofufuza osafuna phindu azitha kukopera zolemba n'kuzisanthula ndi makina. Japan inatsegula kwambiri kuposa pamenepo kuyambira mu 2019. Chaka chomwecho maiko a European Union anagwirizana zinthu ziwiri: mabungwe ofufuza za sayansi angathe kukokolola chilichonse chimene achipeza mwachilungamo ndipo mwini wake sangawaletse, pamene ena onse angathenso kutero pokhapokha ngati mwini wake sanalembe kuti akukana. Ndipo lamuloli linayesedwa pa anthu ofanana nanu. Wojambula zithunzi wina wa ku Germany, Robert Kneschke, anasumira bungwe la LAION, losapanga phindu, limene linasonkhanitsa mndandanda wa zithunzi mabiliyoni za pa intaneti n'kuupereka kwaulere kwa ophunzitsa makina. Mu September 2024 khoti la ku Hamburg linagamula kuti LAION sinalakwe, popeza inkachita kafukufuku amene lamulo la kumeneko limaloleza.

Ukuona kupweteka kwake? Wofufuza wokhala ku Hamburg, amene sadziwa ngakhale kunena kuti zikomo, ali ndi lamulo lomuteteza akamasanthula Chichewa cha pa intaneti. Mdzukulu wa Mchewa wokhala ku Banket alibe. Zimenezi n'zopindika, ndipo ndikuti ukwiye ndithu. Koma mkwiyowo upite nawo koyenera. Nyumba ya malamulo yatsopano ili ku Mount Hampden, si kutali ndi msewu umene umadutsa popita ku Harare. Likulu la ARIPO, bungwe loona za umwini wa zaluso m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe, lili mu Harare momwemo. Sonkhanani ndi aphunzitsi anu a ku Chinhoyi, mulembe kuti lamulo la 2000 lakalamba, pakufunika ndime yololeza ofufuza osafuna phindu kugwira ntchito pa zilankhulo zathu. Ndime imeneyo isanalembedwe, Banket si Hamburg.

Zonse ndanenazi ndi nkhani ya mapepala, ndipo ikavuta imathera pa kalata ya loya. Tsopano ndisiye kuseka, chifukwa tafika pa mauthenga a sosaite ya maliro.

Iwe mwana iwe. Unapatsidwa uadimini chifukwa ndiwe wodziwa kudina foni, kuti uziika manambala a anthu ndi kuchotsa otumiza zithunzi zopanda pake. Sunapatsidwe makutu a komboni yonse kuti ukawagulitse, ngakhale pamtengo waulere. Tatsegula mauthengawo umvetsere bwino zimene zilimo. Muli mayi akulira usiku kuti bambo atisiya, thupi lili kuchipatala, galimoto palibe. Muli mlembi akutchula mayina a amene sanasonkhe miyezi itatu, ndi wina akudandaula kuti EcoCash yake inadyedwa ndi ngongole ya feteleza. Muli wina akufotokoza matenda amene anatenga mlongo wake, amene ngakhale pamaliro sanatchulidwe. Muli gogo akufunsa motsitsa mawu kuti kodi malirowa atheka bwanji poti womwalirayo analibe chitupa. Ukuti ndi Chichewa chenicheni. Inde n'chenicheni, chifukwa anthuwo ankayankhula ndi abale awo, sankadziwa kuti pakona pali mnyamata ndi thumba.

Apa lamulo lake ndi lina, la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe amaliyang'anira ndi a POTRAZ. Mawu a munthu, dzina lake ndi nambala yake sizitengedwa popanda iye kudziwa ndi kuvomera, ndipo zokhudza matenda, chipembedzo ndi mtundu wa munthu zimafuna chilolezo cholembedwa. Ndipo ukangoziponya pa intaneti ngati open source, sizibwereranso. Wina azikopera ku Brazil, wina ku China, ndipo amayi a chibwenzi chakocho adzakhala akuwerenga mayina a angongole m'makompyuta a anthu osawadziwa mpaka kalekale.

Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ndikanakukoka khutu chimodzimodzi, chifukwa cha mbiri ya anthu amenewa. Agogo ako ndi anzawo anabwera ndi malole a Ulere ndi a Mthandizi, ena anayenda pansi kudutsa m'tchire la ku Tete. Analima fodya wa ku Trelawney, Mvurwi, Centenary ndi Karoi, anawotcha m'mabalani usiku wonse, anasankha masamba m'mashedi mpaka maso kuchita mdima. Pofika chaka cha 2000 m'mafamu akuluakulu munali antchito opitirira 300,000, ndipo pakati pawo panali ambiri ndithu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, kapena ana awo. Mafamu atayamba kulandidwa chaka chimenecho, ochuluka anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo minda anaipeza ndi owerengeka. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri m'malere, zitupa zawo zikuwatcha alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo a 2013 anadzavomereza kuti wobadwira ku Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Pa zonsezi, ndani anawafunsapo maganizo? Mphamvu zawo zinatengedwa, nyumba zinatengedwa, voti inatengedwa. Chimene chatsala ndi mawu a pakamwa pawo, ndiye abwere mdzukulu wawo yemwe kudzawatenganso osagogoda, ati chifukwa ndi chitukuko? Azungu a fodya nawonso ankati ndi chitukuko.

Za Gule Wamkulu ndinena mwachidule, poti ine ndine mkazi ndipo za kudambwe si zanga. Ngati unalowa, ukudziwa wekha chifukwa chake uyenera kuchita manyazi. Ngati sunalowe, ndiye thawa. Vidiyo imodzi ya pa YouTube ili ndi eni ake atatu. Woyamba ndi amene anajambula. Wachiwiri ndi YouTube yomweyo, imene malamulo ake amaletsa kukokolola ndi makina popanda chilolezo. Wachitatu, amene ndi wamkulu pa onse, ndi eni mwambo. UNESCO inalemekeza Gule mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma kulemekeza si kulanda. Pangano la Swakopmund la 2010, lomwe Malawi ndi Zimbabwe analowamo, limati miyambo yotere ili ndi eni ake ndipo ayenera kuvomera kaye, ndipo lamulo la ku Malawi limaika umwini wa zaluso za makolo m'manja mwa boma poimira anthu, kwamuyaya. Komanso tandiuza, nesi wa ku Banket akufuna nyimbo za zilombo kuti azitani nazo? Zisiye. Ukaumirira, akuluakulu a dambwe ali ndi njira zawo zoweruzira milandu zimene sizidikira woweruza wa ku Chinhoyi.

Nyimbo za sungura nazonso zili ndi eni. Alick Macheso, mwana wa pafamu ku Shamva amene anakweza Chichewa pa siteji za Harare ndi nyimbo ngati Mundikumbuke, amadyera thukuta lakelo, ndipo bungwe la ZIMURA lilipo kuti lizitolera za oimba. Ukafuna mawu ake, kagogode. Mwina akhoza kukondwa, poti naye ndi wa pakomboni.

Usagwe mphwayi, si zonse zotsekedwa. Wikipedia ya Chichewa ndi yaing'ono, koma laisensi yake imakulola kutenga bola utchule kumene watenga ndipo nawenso ugawe mofananamo. Mabuku amene olemba ake anamwalira kalekale ndi a aliyense: dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, ndi ya Chinyanja imene Alexander Hetherwick anaikonza mu 1929. Ungosamala kuti makina ako asayambe kuyankhula ngati m'busa wa ku Scotland pa mishoni ya Blantyre. Kwa eni manyuzipepala a ku Malawi, ndi a wayilesi ya National FM amene amaulutsa m'Chichewa komweko ku Zimbabwe, lembani kalata yeniyeni, osati kauthenga ka pa WhatsApp kodzaza tizithunzi toseka. Munene kuti ndinu ndani, mukufuna nkhani zingati ndi za zaka ziti, muzichita nazo chiyani, ndiponso ngati mudzagawe nkhanizo kapena makina ophunzitsidwa okhawo. Funso lomalizali ndi limene limatsegula kapena kutseka chitseko, chifukwa mkonzi angalole kuti makina aphunzire pa nkhani zake koma sangalole kuti nyuzipepala yake yonse ikakhale poyera pena. Akavomera, yankho likhale lolembedwa ndipo mulisunge. Akakana, mwakanidwa, si imfa.

Koma ndikuuze chimene chikundiseketsa pa kalata yako yonse. Ukuti ukufuna Chichewa cha pafamu, ndiye ukukachifuna m'magazini omasuliridwa kutali ndi m'manyuzipepala a ku Blantyre, kumene sichinafikeko n'kamodzi komwe. Chichewa chimenecho chili pakhomo pako, chakhala pamkeka chikusenda mtedza, ndipo chimakuitana tsiku ndi tsiku kuti udzachithandize kuika ulusi pasingano iwe n'kumati ndili bize.

Amaori a ku New Zealand anazindikira zimenezi. Wayilesi yawo yaing'ono ya Te Hiku Media inachititsa mpikisano mu 2018, ndipo m'masiku 10 okha anthu anajambulitsa mawu a maola opitirira 300, mwa kufuna kwawo. Anapanga makina omva chilankhulo chawo, n'kulemba laisensi yawoyawo yonena kuti mawuwo ndi a mtundu wawo ndipo wofuna kuwagwiritsa ntchito apemphe kwa iwo. Ku Rwanda anthu anapereka maola opitirira 2,000 kudzera mu Common Voice ya bungwe la Mozilla, imene inayamba mu 2017. Koma pamenepa utsegule maso: mawu operekedwa mwa njira ya CC0, imene Common Voice inayambira, amakhala a aliyense, ngakhale kampani ya mabiliyoni, popanda kubweza kanthu. Ena zimenezi amazikonda, ena ayi. N'chifukwa chake akatswiri a malamulo a ku University of Pretoria ndi Strathmore University ku Nairobi anatulutsa mu 2024 laisensi yotchedwa Nwulite Obodo, imene imalola anthu a mu Africa kugwiritsa ntchito zinthu zotere momasuka, koma olemera a kunja azibwezako phindu kwa eni chilankhulo. Sindikusankhira. Osankha ndi eni mawuwo, ndipo sangasankhe chinthu chimene sanafotokozeredwe.

Ndiye uchite izi. Upemphe nthawi pa msonkhano wa sosaite, uimirire, chipewa m'manja. Ufotokoze m'Chichewa, osaponyamo Chingerezi cha ku yunivesite, kuti ukufuna chiyani, mawuwo akasungidwa kuti, ndani adzawamve, ndiponso kuti akangotuluka pa intaneti sangabwezedwe. Ofuna alembetse, osafuna asakakamizidwe ngakhale ndi diso. Pepala la chilolezo uliwerenge mokweza kwa osadziwa kuwerenga, adinde chala pamaso pa mboni. Mukajambula, mujambule nkhani zatsopano zimene munthu wasankha yekha kunena: mmene amafotokozera mutu ukamawawa, mmene amafunsira mtengo wa mafuta, mmene ankasokera fodya pa mikangala, nthano za kalulu. Mayina a anthu ndi matenda a eni ake zisalowemo. Ndipo gogo akakhala nawe maola awiri, usachoke ndi zikomo wouma. Sopo, shuga kapena kadola, poti nthawi yake ikanapita kumaganyu. Iwe ukhoza kugwira ntchito yaulere chifukwa uli ndi digiri yoti idzakudyetse mawa, iye alibe.

Udzadabwa kuti ambiri adzavomera, ena mpaka kukangana kuti ayambe ndani. Anthu amene moyo wawo wonse akhala akuuzidwa kuti chilankhulo chawo n'cha Mabhurandaya, dzina lonyozera ochokera ku Malawi, mwana akabwera n'kunena kuti agogo, mawu anuwa ndi ofunika, ndiphunzitseni, sadzakusiya upite msanga. Batire la foni lidzatha iwo asanafike pa nkhani ya mmene anawolokera Zambezi.

Kapulogalamu kokokololako kazimitse lero. Ngati unayamba kale kukopera mauthenga a sosaite, ndipo mtima wanga ukundiuza kuti unayamba, uwafufute mtsikanayo akuona. Kenako uvale malaya a kolala, upite kwa amayi ake, ukhale pansi osati pampando, upepese. Za ankhoswe muzikamba pambuyo pake, ndipo poti muli ku Zimbabwe konzekeratu ng'ombe, usadzabwere kwa ine ndi nkhani yoti Achewa salowola. Mkazi amene amakuletsa chinthu usanagwidwe ndi wofunika kumusunga.

Ndipo inu amayi ndi abambo a ku Trelawney, Mvurwi, Shamva, Glendale ndi kwina konse kumene tsamba lino limafika, mwana akabwera ndi foni kuti ayankhuleni apa agogo, musamuthamangitse, koma musafulumirenso kutsegula pakamwa. Mufunseni kuti mawuwo akupita kuti, adzawamva ndani, ndipo wina akadzapeza nawo ndalama inu mudzaona chiyani. Akayankha zomveka, muyankhuleni mpaka atope. Akayamba kukanda m'mutu, mutumizeni kwa ine.

Ndine azakhali ako.